Mgwazo: zolemba za momwe buku langa likuyendera

Luchenza, 11 Januwale 2025

Pofika lero mitu 6 yatha kulembedwa koyamba. Mutu 7 ndaung'amba dzulo usiku, masamba 14 onse, ndipo ndikulemba pano chifukwa chake kuti ndisadzabwerezenso.

Kwa inu amene mukuwerenga zolembazi koyamba, buku limene ndikulemba ndi nkhani yopeka yaitali, ndipo pakadali pano ndikulitchula kuti Mgwazo, kutanthauza mlingo wa ntchito umene wantchito ayenera kukwanitsa pa tsiku. Likutsata banja limodzi la m'malayini a esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo, kuyambira Meyi 2022 pamene kwacha inagwa ndi 25 peresenti, mpaka chilala cha 2024. Mayi amathyola tiyi, bambo amapalasa kabaza, ana alipo atatu, ndipo agogo aakazi ali kumudzi pa kamunda kamene khasu limakamaliza dzuwa lisanafike paliwombo. Esitetiyo ilibe dzina m'bukumo. Ine ndinabadwira m'malayini otere, choncho fungo la masamba ofota lochokera kufakitale sindichita kufunsa munthu.

Mutu 7 unali wa mwezi wa njala, Febuluwale. Ndinaulemba ndi mtima wonse: ana akulira, mayi akuyang'ana mphika wopanda kanthu, misozi ili chuchuchu. Loweruka lapitali ndinapita nawo kwa azakhali anga, amene anathyola tiyi zaka zoposa 20 mawondo asanayambe kuwavuta, n'kuwawerengera ali pamkeka akusenda chinangwa. Anamvetsera osandidula pakamwa. Nditamaliza anapukuta mpeni pachitenje n'kunena kuti, "Mwanawe, Chichewa chako n'chokoma. Koma mayi wakoyu akungolira tsiku lonse. Nanga ntchito agwira nthawi yanji? Ife ufa ukatha sitinkakhala pansi kumayang'ana mphika. Umadzuka, n'kukumbukira amene unam'patsako mchere mwezi watha, ulendo kukagogoda."

Ndinabwerera ku Luchenza mawu amenewo akundilira m'makutu. Chisoni chimene ndinalemba chinali changa, cha munthu amene anachoka m'malayini ndipo akucheukira komwe anachokera. Mayi wa m'bukumo alibe mpata wa chisoni chotero. Mutu wake uli pa masamu: ufa watsala makapu angati, malipiro kwatsala masiku angati, ngongole iti ingadikire, iti ingam'chititse manyazi kutchalitchi. Kuyambira lero ndizimutsata pamene akuwerengera.

26 Januwale

Mvula ikugwa bwino ndipo tiyi waphuka. Ino ndiyo nyengo imene ntchito imachuluka, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo, pamenenso chimanga chimasowa m'nyumba. Munthu amagwira ntchito yolemetsa kwambiri m'miyezi imene m'mimba muli mopepuka kwambiri, ndipo bukuli laima pamenepo.

Mayi wina, mnzawo wa azakhali, anandilola kuima m'mphepete mwa msewu pafupi ndi pamene gulu lawo limathyola. Ndinafika mbandakucha. Zambiri ndinkazikumbukira, koma phokoso ndinali nditaliiwala. Kuthyola tiyi kuli ndi kaphokoso kakekake, ngati mbuzi zambiri zikubudula msipu nthawi imodzi. Manja onse awiri amathamanga pamwamba pa tiyi wosalazidwa ngati tebulo, masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga, dzanja likadzaza n'kuponya m'dengu kumsana osacheuka. M'chiuno amamanga chipepala cha pulasitiki, chifukwa mame amanyowetsa mpaka m'kati ndipo timitengo ta tiyi sitichedwa kung'amba chitenje. Chala chachikulu ndi chamkombaphala n'zothimbirira, zong'alukang'aluka, ndipo ena amazikulunga kansanza. Akamatero pakamwa sipapuma: za maliro a dzulo, za mwana wa uje amene wathawa sukulu, za mtengo wa bonya. Kuseka kulipo kochuluka, ndipo m'mitu 6 yoyamba ija mulibe munthu ndi mmodzi yemwe amene akuseka. Ndadula mzere pansi pa mfundo imeneyi kawiri.

Pasikelo macheza onse amati zii. Masamba amayamba awayang'ana kaye ngati mulibe okhwima ndi timitengo, kenako n'kuwapima. Kalaliki akatchula makilogalamu, ndinaona milomo ya mayi uja ikugwedera popanda mawu kutuluka. Ankaphatikiza za m'mawa ndi za masana, n'kuchotsapo mgwazo wa tsikulo, n'kuona kuti zapamwamba zim'patsa zingati. Sukulu analekezera Sitandade 4, koma kalaliki atalakwitsa ndi kilogalamu imodzi akhoza kumugwira pompo. Masamba aawisi makilogalamu 4 kapena 5 ndiwo amatulutsa kilogalamu imodzi ya tiyi wouma, ndipo zimenezinso amazidziwa, ngakhale kuti m'fakitale sanalowemo.

Kumunda amati ndime, ifenso olemba timati ndime. Ndaganiza kuti m'mitu ya kumunda ndime zanga zizikhala zazifupi, zothamanga ngati manja aja, koma zikafika pasikelo ziziyenda pang'onopang'ono, mawu amodziamodzi, mpaka kalaliki alankhule.

16 Febuluwale

Mutu 7 watsopano watha, Mutu 8 uli pakati. Mwezi wonse uno ndakhala ndi funso limodzi: kugwa kwa chuma cha dziko kumalowera khomo liti m'nyumba ya chipinda chimodzi?

Zoona zake n'zodziwika. Mu Novembala 2023 Banki Yaikulu inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Aka sikanali koyamba, chifukwa mu Meyi 2012 inachoka cha pa K168 kufika pa K250. Tiyi wathu wambiri amapita kunja, ndipo kumsika wa tiyi ku Limbe mitengo imatchulidwa m'madola, pamene wothyola amalandira makwacha. Malipiro amakambirana pakati pa bungwe la eni maesiteti, la Tea Association of Malawi, ndi bungwe la ogwira ntchito m'minda la PAWU, ndipo akagwirizana amakwezadi. Koma mitengo ya zinthu imakhala yakwera njinga yamoto, malipiro akuyenda wapansi. Fetereza, mafuta a galimoto, sopo, mchere, zonse zimene zimadalira ndalama zakunja zimalumpha sabata yomweyo.

Poyamba ndinaika zonsezi m'kamwa mwa mphunzitsi wina pa bawo. Zinatuluka ngati nkhani za pawailesi, ndipo ndazichotsa. M'malayini palibe amene anati "kwacha yagwa ndi 44 peresenti". Chakudza sichiimba ng'oma. Chimafika chonchi, ndipo umu ndi mmene ndalembera Mutu 8.

Mayi akutuma mwana wake wamwamuna wa zaka 9 kuokala, ndi ndalama yomweyo imene amam'tuma nayo masiku onse, kuti akagule kachubu ka mafuta ophikira. Mwana akubwera ndi kachubu kofupika ndi chala chimodzi. Mayi akukakweza m'mwamba, kukayang'ana padzuwa, n'kumufunsa kuti chenji wagulira chiyani. Mwana akukana. Mayi akum'menya khofi, kumutcha wakuba, anzake akuona. Madzulo kumpopi akumva amayi anzake akudandaula za tichubu tomweto, kuti mwini okala akuti kokaoda zinthu zakwera. Akubwerera kunyumba osalankhula. Pepani satuluka, chifukwa mayi wa kwathu kuno sapepesa mwana ndi pakamwa. Atapakula nsima, akutenga mphika, kukokota nkhoko zonse n'kumupatsa mwana yekhayo, azing'ono ake akuyang'ana. Mutu ukuthera pomwepo.

Ndakhalanso pansi ndi azakhali ndi anzawo awiri kuti andiuze ndondomeko imene zinthu zimachokera m'nyumba, chifukwa sizichoka mwachisawawa. Shuga ndiye amayamba, ndipo anthu amene atha tsiku lonse m'munda wa tiyi amamwa tiyi wopanda shuga. Kenako sopo wosambira, wochapira n'kumagwira ntchito zonse ziwiri. Ufa woyera umasiyira malo mgaiwa, chifukwa kukonola kumataya chimanga, ndipo zikathina mgaiwawo umasakanizidwa ndi madeya kapena ufa wa makaka. Nsima ya masana imasanduka phala. Zikapitirira apo katundu amayamba kutuluka pakhomo: wailesi, foni kupinyolo, nkhuku, mbuzi. Pa za mbuzi ndi foni anatsutsana kwa nthawi ndithu, wina akuti foni sungaigulitse mwana wako ali ku Joni. Mkangano umenewo ndauika m'buku momwe unalili. Chimene onse atatu anagwirizana n'chakuti yunifomu ya chigwirizano cha amayi siigulitsidwa, ndipo chopereka cha maliro sichiphonyedwa, chifukwa kupatsa n'kuika, tsiku lako likadzafika anthu adzakumbukira.

Ndondomeko imeneyi ndiyo yakhala msana wa buku lonse. Sindifunikanso kuuza wowerenga kuti zinthu zaipiraipira. Azingoona chimene chasowa pamalo pake.

15 Malichi

Sabata ino zakwana zaka 2 chichitikireni namondwe wa Freddy. Mvula inagwa masiku angapo osakata, mapiri n'kugumuka ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi ku Soche mu Blantyre, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa osapezekanso. Akuluakulu a m'tsinde mwa phiri amati napolo, monga anatchulira zija za ku Phalombe mu 1991. Ndili ndi abale amene mpaka lero akamva mvula ikulimba usiku amadzutsa ana n'kukhala tsonga mpaka kuche.

Mutu umenewu ndauopa kwa miyezi. Tsoka lalikulu chotere likhoza kumeza buku lonse, wowerenga n'kuganiza kuti umphawi wa banjali unabwera ndi madzi, chikhalirecho madzi anawapeza ali kale m'ngongole ya katapila. Ndiye ndasankha kuti Mutu 11 ukhale wa masamba 4 okha, ndipo m'banjamo musafe munthu. Maliro a anthu enieni aja si anga oti ndikometsere nkhani.

Chimene ndakhalitsapo ndi masabata otsatira. Kamunda ka agogo kakwiririka ndi mchenga chimanga chili pafupi kucha. Mlamu wake wa mayi wafika m'malayini ndi ana anayi, atanyamula mphasa ndi ndowa basi, ndipo palibe amene angawabweze, koma usiku mayi akuwerengera makapu a ufa kuti tsopano pakamwa ndi 10. Mlatho wakokoloka, choncho kabaza waima. Bambo akupita kumtsinje kumene anyamata akuwolotsa anthu pamsana, ena akusenza njinga ndi matumba, aliyense ndi mtengo wake. Kwa masabata awiri akupeza ndalama zimene sanazipezepo pa kabaza. Tsiku lina akumva kuti magalimoto okonza mlatho afika, ndipo mtima wake ukugwa, kenako akuchita manyazi ndi kugwa kwa mtimako, chifukwa dzulo lake lomwe anabereka mayi wapakati wopita kuchipatala, madzi ali m'chifuwa. Ndime imeneyi ndailemba maulendo 5. Sindikufuna kumuweruza, komanso sindikufuna kumuyeretsa.

Za katapila zili mu Mutu 12. Wobwereketsayo si chigawenga cha kutali, ndi bambo wa m'malayini momwemo amene amapereka moni bwinobwino, amasunga khadi la kubanki la mayi m'thumba la jekete, ndipo tsiku la malipiro amayenda naye limodzi kukatapa. Banki m'khonde ilipo, koma kumeneko mayi ali kale ndi ngongole, ndipo maso a amayi anzake amamuwawa kuposa chiwongoladzanja.

19 Epulo

Mwezi uno ndalemba masamba 6 okha. Mwana anadwala malungo, magetsi akhala akuzimazima, ndipo masana ndili kuntchito. Ndangokonza zolakwika m'mitu yoyamba n'kuikamo kuseka kumene kunasowa kuja.

24 Meyi

Nkhani ya malo sindingaithawe. Aliyense amene wakwera minibasi kuchoka ku Limbe kudzera ku Bvumbwe mpaka pa Thyolo Boma amaona yekha: tiyi wobiriwira mpaka kumene maso alekezera, kenako midzi yothithikana m'mbali mwa zitunda, chimanga chobzalidwa mpaka pakhonde. Tiyi wa malonda anayambira ku Mulanje mu 1891, pamene Henry Brown anabzala ku Thornwood, kenako n'kufalikira kuno ku Thyolo. M'zaka zomwezo Alomwe ambiri ankawoloka kuchokera ku Mozambique pothawa nkhanza za Apwitikizi, n'kupeza malo ali kale m'manja mwa azungu. Kuti ukhale pamalopo unkalipira ndi thukuta, ndiye thangata uja, mawu amene kale ankatanthauza kuthandizana pakati pa anansi. Thangata anathetsedwa mu 1962, koma malire a minda sanasunthe kwenikweni, pamene anthu achulukirachulukira.

Ndinalemba zonsezi masamba 9, ndipo zinali zoona, koma nkhani inaima chilili. Tsopano zatsala m'chiganizo chimodzi cha agogo. Akuyenda ndi mdzukulu wawo pakanjira kodutsa m'tiyi, akuima, kuloza kachitsamba ka mitengo yachilengedwe kamene katsala pakati pa munda, n'kunena kuti, "Amayi anga agona apo." Kenako akupitiriza ulendo, chifukwa akuthamangira kuchigayo. Wowerenga wa kuno amva zonse. Wa kutali amva zokwanira kuti afunse.

Agogo omwewo ndiwo akukumbukira nthochi. Kale munthu wa ku Thekerani kapena ku Molere sankadalira esiteti yokha, chifukwa malole ankabwera kudzatenga mikoko ya nthochi kupita nayo ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo ana ambiri anaphunzira ndi ndalama imeneyo. Matenda a chisaka atalowa, minda inatha, mpaka tinayamba kudya nthochi zochokera ku Tanzania ndi ku Mozambique. Zimenezi n'zofunika m'bukuli, chifukwa kwacha ikamagwa imapeza anthu amene kothawira kwawo kunatsekeka kale.

Ndakonzanso kapitawo. M'kulemba koyamba anali chilombo, ntchito kukalipa ndi kudula anthu matikiti. Bambo wina wa kutchalitchi kwathu, amene anagwirapo ukapitawo mpaka kupuma, atawerenga anandibwezera mapepala n'kuti, "Achimwene, kapitawo nayenso ali ndi kapitawo wake." Tsopano kapitawo wa m'bukumo ndi msuweni wake wa mayi uja. Anakulira limodzi, ndipo ndi iye amene adzawerenge maina a anthu amene ntchito yawathera. Zimene amachita zoipa sindinazichotse. Ndangoonjezapo kuti nayenso usiku amawerengera.

Chotsala ndi chilankhulo. Agogo akakwiya kapena akamawerenga ndalama amabwerera ku Chilomwe, adzukulu n'kumayankha m'Chichewa, monga zilili m'makomo ambiri kuno. Mawu a Chilomwewo ndikawakhalira pansi ndi akuluakulu a ku Chonde kuti alembedwe molondola, chifukwa chilankhulo cha makolo si chokongoletsera buku ngati maluwa a pakhonde.

13 Julayi

Chiperoni chagwira masiku 4 tsopano, nkhungu ndi kamvula kowaza, zovala osauma. Tiyi wagona, m'minda ina akudulira, ndipo ambiri amene analembedwa ntchito ya nyengo ya mvula anabwerera kumudzi kudikira Disembala. M'buku ndafika nyengo yomweyi. Mitu 15 yatha mwa mitu 21 imene ndinakonza.

Mu Mutu 15 bambo akugulitsa njinga kuti apeze ya basi yopita ku Joni. Ndi mkamwini, munda si wake, ndipo njingayo ndiyo inali chinthu chokhacho chimene akanatha kuloza kuti ichi n'changa. Wogula akuikwera kuiyesa, kuliza belu, ndipo mwana wamng'ono akutuluka m'nyumba akuthamanga poganiza kuti bambo ake abwera kuntchito, pamene bambowo aima pambali pake pomwepo manja ali m'thumba.

Dzulo ndinabwereranso kwa azakhali ndi mitu 7 mpaka 15. Tinakhala m'khitchini pafupi ndi moto, mphika wa kalongonda uli pamafuwa kuyambira m'mawa, madzi ake akutayidwa n'kuthira ena. Ndinawerenga mpaka mawu kusasa. Pa za kachubu ka mafuta anatseka kumaso ndi chitenje, osanena kanthu. Pa za mlatho anangoti, "Eya." Nditamaliza ndinaganiza kuti ulendo uno ndakhoza.

Iwo anasonkhezera moto n'kuti, "Tsopano ndi munthu. Koma mwanawe, wamuchenjeretsa kwambiri. Palibe amene angawerengere tsiku lililonse osapumira. Tsiku lina mutu umakana." Anadzuka, kulowa m'nyumba, n'kubwera ndi chitenje chopindidwa bwino chochokera pansi pa sutukesi, chofiirira, cha maluwa achikasu, chikununkha mankhwala a njenjete. Anachigula m'njala ya 2002, tsiku la malipiro, ali ndi ngongole ziwiri ndipo m'nyumba muli ufa wa masiku atatu. Anachiona chitapachikidwa pamsika, anachigwira, n'kulipira osanenerera mtengo. Amuna awo anatha sabata osawalankhula. "Ndinkafuna Lamulungu limodzi lokha ndilowe m'tchalitchi anthu asaone njala pathupi panga," anatero, akusalaza m'mphepete mwake ndi zala zong'aluka zija. Anachivala maulendo owerengeka, ndipo anandiuza kuti n'chimene adzawafunditse.

Mutu 16 ndinaukonza kuti ukhale wa kalata yoyamba yochokera ku Joni. Ndausuntha. Tsopano uyambira pamsika, tsiku la malipiro, mayi atachoka kutapa ndalama ndi wakatapila uja, zotsala zili zomangidwa pansonga ya chitenje chakale. Tsiku la msika likubwerali ndikakhala pamzere wa ogulitsa nsalu pano pa Luchenza kuyambira m'mawa, ndione mmene amayi amagwirira chitenje chimene sangakwanitse kugula, ndi chimene wogulitsa amanena akaona kuti dzanja lachedwa kuchisiya. Azakhali avomera kupita nane ngati mawondo alola.